Maluwa Obwera pa Positi

Phukusi loyamba linafika Lachinayi m'mawa, kumapeto kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 2021, namwinoyo atangobwera kumene kuchokera ku ntchito ya usiku. Linali kabokosi kopepuka kwambiri, koti wapositi anakanyamula ndi dzanja limodzi ngati m'kati mulibe kanthu, ndipo pamwamba pake panali chenjezo loti muli zomera zamoyo. Anakaika pa tebulo la kukhitchini asanavule n'komwe jekete, nakatsegula ndi mpeni wosendera mbatata. M'katimo munali timbewu tisanu ndi kamodzi, kalikonse m'kachipinda kakekake ka pulasitiki, kalikonse ndi masamba atatu kapena anayi ndi kachibuma ka dothi kosaposa chala chachikulu cha kumanja. Duwa panalibe ngakhale limodzi. Iye anayang'ana timbewuto, nayang'ananso kabuku kamene anasankhiramo, kodzaza ndi zithunzi za maluwa ochita kusefukira m'miphika, ndipo anaseka yekha kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma umu ngakhale nyerere munalibe. Munali masamba okhaokha ndi kapepala ka malangizo.

Mayiyu anabadwira ndi kukulira m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Zomba, cha ku Domasi. Ndi mmodzi mwa anamwino ambiri amene anachoka ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kupita kukagwira ntchito m'zipatala za ku Britain, aliyense akudziuza kuti akakhalako zaka zitatu kapena zinayi, amange nyumba ya malata kumudzi, kenaka abwerere. Nyumbayo inamangidwa ndithu. Ana anakula nayamba kuyankhula Chingerezi cha ku Manchester, chimene agogo awo sankachimva pa lamya. Koma tsiku lobwerera linkangosendera m'tsogolo chaka ndi chaka, ndipo masutikesi awiri aakulu anakhalabe pamwamba pa kabati ya zovala ngati mboni yoti ulendo ulipobe. M'zaka zonsezo iye sanadzalepo kanthu kalikonse. Akafunsidwa ankati nyumba yake ilibe bwalo, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma panali chifukwa china chimene sankachitchula: munthu akadzala mbewu ndiye kuti wavomera kukhala mpaka mbewuyo ikule. Iye ankadziyesa mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mayi ake anamwalira mu Januwale chaka chomwecho cha 2021, atadwala masiku owerengeka chabe. Unali mwezi umene mliri wa Covid-19 unavuta kwambiri ku Malawi, boma mpaka kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ku Britain nako zipatala zinali zodzaza, ndipo Malawi anali atangoikidwa pa mndandanda wa maiko amene anthu ochokerako sankaloledwa kulowa mwachisawawa. Kunalibe tchuthi, kunalibenso njira yoti afike maliro asanaikidwe. Choncho anaonerera mwambo wonse pa foni, atakhala pa bedi, mdzukulu wina kumudzi atanyamula foni inayo m'mwamba pakati pa anthu ovala zophimba kukamwa. Anamva nyimbo za amayi a Mvano, anaona bokosi likutsika, anaona adzukulu akukwirira. Itafika nthawi yoyala nkhata, woyendetsa mwambo anayamba kuitana mwa ndondomeko yake, ana a malemu poyamba. Anamva dzina lake likutchulidwa, naona mwana wa mlongo wake akutuluka m'gulu atanyamula nkhata m'malo mwake. Mtsikanayo asanagwade pa mtumbira, chithunzi chinaima, mawu anaduka, ndipo netiweki itabwerera anthu anali atayamba kale kubalalika.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nkhata yosayalidwayo inamusautsa chotere, ayenera kulingalira malo amene duwa lili nawo m'moyo wa anthu oyankhula Chichewa. Chiyankhulochi n'cholemera kwambiri pa maina a zomera, koma kulemerako kumatsata ntchito ya chomeracho. Chisoso, bonongwe, luni ndi denje zili ndi maina chifukwa ndi ndiwo. Chitedze chili ndi dzina chifukwa chimayabwa. Mwavi, mlombwa ndi msangu zili ndi maina chifukwa cha zimene zimachita m'mudzi, m'nkhalango ndi m'munda. Chisoso chimachita timaluwa, koma palibe amene amaima pa njira kuti atiyamikire. Maluwa a maungu ali ndi dzina lawolawo, chiluwe, chifukwa amalowa mumphika. Mango akachita maluwa ambiri anthu amakondwa, koma chimene amakondwera nacho ndi zipatso za mu Disembala. Duwa lodzalidwa kuti anthu azingoliona linafala kudzera m'mamishoni, m'masukulu ndi m'nyumba za boma, ndipo mpaka lero malo ake odziwika bwino ndi atatu: pa guwa la m'tchalitchi, m'manja mwa mkwatibwi, ndi pa mtumbira. Pa malo achitatuwa duwa limanena zimene pakamwa palephera kunena, ndipo mwana amene sanayale nkhata pa manda a mayi ake amakhala ngati sanatsazike.

Komatu malemuwo anali mayi osiyana ndi anzawo pa nkhani imeneyi. Khonde lawo linali lodzaza ndi zitini zakale za mafuta ophikira ndi za mkaka, zobooledwa kunsi ndi msomali, ndipo m'chitini chilichonse munali duwa. Sanagulepo ngakhale limodzi. Akapita ku msonkhano wa mpingo, ku chipatala kapena kukaona wodwala, ankabwera ndi kanthambi kokulungidwa m'mphepete mwa chitenje. Maina a m'mabuku sankawadziwa ndipo sankawafuna. Duwa lililonse ankalitchula ndi kumene linachokera: ili ndi la kwa abusa, ilo ndi la asisitere, lija ndi la ku Malosa, linalo ndi la mayi a kusitolo. Munthu akakhala pa khondepo n'kufunsa za maluwawo, ankamva mbiri ya maulendo ndi maubwenzi a zaka makumi anayi.

Tsono usiku wina mu Febuluwale, pa nthawi yopumula, namwinoyu anapeza kabuku ka nazale ina ya ku Wales katasiyidwa m'chipinda chimene ogwira ntchito amamwera tiyi. Nazaleyo imalima maluwa a m'nyumba ndi kuwatumiza pa positi akadali aang'ono, nyengo yachisanu ikayamba kutha. Chimene chinamukoka poyamba sichinali kukongola kwa zithunzi ayi, koma mawu awiri amene anawazindikira m'maina a maluwawo. Ena ankatchedwa African violet, ena Cape primrose. Anadabwa kuti maluwa otchulidwa ndi dzina la Africa iye sanawaonepo pa khonde lililonse ku Africa, koma anawaona kangapo pa mazenera a nyumba za nkhalamba za ku England. Asanabwerere ku wodi anali atalemba kale adiresi yake pa intaneti ndi kulipira timbewu tisanu ndi kamodzi, titatu ta mtundu uliwonse.

Ndalama zake sizinali zambiri, koma zinamuluma mumtima. Ngongole za pa maliro zinali zisanathe, ndipo kumudzi kunali sukulu fizi ya ana awiri. Mwana wake wamkazi ataona kabokosiko anangoti, "Amayi, mwagula masamba?" Mlongo wake wa ku Domasi atauzidwa pa foni anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa mwaulemu wake wonse kuti, "Achemwali, nanga maluwawo amadyedwa?" Iye anaseka, koma funsolo linamukhala m'mutu masiku angapo, chifukwa ankadziwa kuti ndalama imene imagula duwa ku Manchester ikafika ku Zomba imasanduka mbale zingapo za feteleza. Yankho analibe. Ankangodziwa kuti m'nyumbamo munafunika kanthu kena kamoyo koti akasamalire, kopanda dzina la wodwala pa bedi.

Timbewu titatu tinafa mwezi usanathe, ndipo anatipha ndi iye mwini. Anatisamutsira m'miphika yaikulu poganiza kuti mizu ipeze malo, natithirira m'mawa ndi madzulo monga momwe ankathiririra mpiru ku dimba ali mtsikana. Madzi ankatunga ozizira pa mpopi n'kuwatsanulira pamwamba pa masamba. Masambawo anayamba kuchita mawanga otuwa, kenaka anafota ngati akumva ludzu, ndipo iye poona kufotako anaonjezera madzi. Tsiku lina atagwira kamodzi, kamtengo konse kanangothothoka m'dzanja lake, pakati pake pataola. Apo mpamene anatenga kapepala ka malangizo kaja, kamene anakaponya m'dilowa osakawerenga, nakhala pansi ngati wophunzira wa chaka choyamba.

Zimene anaphunzira zinali zochepa koma zotsutsana ndi zonse zimene manja ake anazolowera. Makolo a maluwa amenewa amamera m'ming'alu ya matanthwe ndi m'mphepete mwa mitsinje ya m'nkhalango za m'mapiri, pamthunzi, pamene dothi ndi lochepa ndipo madzi amadutsa osaima. Mizu yake ndi yosalimba ndipo imafuna mpweya, choncho mphika waukulu wodzaza ndi dothi lonyowa umaitsamwitsa. Mbewu yothiriridwa mopyola muyeso imafota chimodzimodzi ngati youma, chifukwa mizu yoola singamwe madzi. Anaphunzira kugwiritsa ntchito timiphika ting'onoting'ono ndi dothi lopepuka, kupisa chala m'dothi asanathirire, kusiya madzi m'jagi usiku wonse kuti asazizire kwambiri, kuwathira m'kambale ka pansi pa mphika ndi kutaya otsala pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu. Anaphunzira kuti maluwawa amafuna kuwala koma dzuwa la masana limawaotcha, ndipo anawasamutsira pa zenera loyang'ana kum'mawa. Anaphunziranso kuti kutentha kumene munthu amakhala bwino m'nyumba, pakati pa madigiri 18 ndi 24, n'kumenenso iwo amakondwera nako, koma mpweya wouma wa pamwamba pa hita umawafooketsa. Phunziro lovuta koposa linali la kuleka. Kwa zaka zambiri ntchito yake inali yochitapo kanthu msanga munthu akafooka, ndipo tsopano mbewu zinkamuuza kuti nthawi zina kusamala ndiko kupinda manja ndi kudikira.

Duwa loyamba linamasula mu Juni. Linali la Cape primrose, looneka ngati kalipenga kakang'ono pa kaphesi kowonda, ndipo pofuna kulifotokozera mlongo wake anasowa mawu. M'kabuku muja mtundu uliwonse unali ndi dzina lake, maina ochuluka a maonekedwe amene diso limavutika kuwasiyanitsa. Chichewa chimagawa maonekedwe m'magulu akuluakulu: choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira, chachikasu, ndipo zotsalazo chimazifanizira ndi zinthu zodziwika kapena kubwereka mawu. Iye anayamba ndi kunena kuti ndi lapepo, naona kuti sizikukwanira, ndipo pomaliza anati likufanana ndi phiri la Zomba madzulo, dzuwa litangolowa, ukaliona uli pa msewu wa ku Liwonde. Mlongo wakeyo anati wamva.

Pa kamtengo ka pulasitiki kozikidwa mumphika uliwonse panali dzina la Chilatini, ndipo m'masiku amene tulo tinkavuta iye anayamba kufufuza mainawo. African violet kwawo ndi ku mapiri a kum'mawa kwa Tanzania ndi chigawo china cha kumwera kwa Kenya. M'chaka cha 1892 Walter von Saint Paul-Illaire, bwanamkubwa Wachijeremani wa dera la Tanga, anatola njere zake m'dera la mapiri a Usambara nazitumiza kwa bambo ake ku Germany. Chaka chotsatira, 1893, katswiri wa zomera wa ku Hanover dzina lake Hermann Wendland analitcha duwalo Saintpaulia polemekeza banjalo. Kuchokera pamenepo linafalikira m'manazale a ku Ulaya ndi ku America, kumene bungwe la anthu olikonda linakhazikitsidwa m'chaka cha 1946, ndipo alimi anabereketsa mitundu yosawerengeka. Pamene linkachuluka pa mazenera a ku Ulaya, nkhalango zimene limamera mwachilengedwe zinkatha ndi nkhwangwa, mwakuti mitundu ina ya kutchire ili pa chiopsezo. Cape primrose nayo, imene akatswiri amaitcha Streptocarpus, kutanthauza chipatso chopotoka m'Chigiriki chifukwa cha maonekedwe a kanyemba kake, inafika ku Kew ku London kuchokera ku South Africa m'zaka za m'ma 1820. M'chaka cha 2015 akatswiri, atayeza chibadwa cha zomerazi, anaika Saintpaulia m'banja lomwelo la Streptocarpus. Choncho mitundu iwiri ya pa zenera lake inali pa ubale.

Chimene chinamudzidzimutsa chinali chakuti banja limeneli lili ndi abale ku Malawi. Mitundu ingapo ya Streptocarpus imamera pa matanthwe onyowa a m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, ina mwa iyo ili ndi tsamba limodzi lokha lalitali. Atawerenga zimenezi anakumbukira masiku amene ankakwera m'phiri ndi anzake kukatola nkhuni, ndi masamba aja olendewera pa thanthwe ngati lilime la ng'ombe, okhala ndi timaluwa tapepo nthawi ya dzinja. Atsikanawo sankawatchula dzina lililonse. Anali maluwa a m'phiri basi, ndipo mtolo wa nkhuni pamutu sunkalola munthu kucheukira zinthu zosapsa pa moto. Anapezanso kuti mtundu wina unatchedwa Streptocarpus buchananii, kutengera John Buchanan, Msikotishi amene anafika ndi mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 ngati wosamalira minda, ndipo pambuyo pake anakhazikika ku Zomba nalima khofi. Apa anaona chinthu chimene chinamuseketsa ndi kumuwawa nthawi imodzi. Akatswiri a ku Ulaya aja, ndi Chilatini chawo chonse, ankachita zomwe mayi ake ankachita pa khonde: ankatchula duwa ndi dzina la amene anawapatsa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kaundula wawo munalowa maina a otumiza okha, pamene anthu amene ankakhala m'tsinde mwa mapiriwo, amene ankadziwa njira ndi kunyamula katundu, sanalowemo.

Chaka chimenecho chisanathe, timbewu titatu totsala tija tinali titapeza anzake oposa makumi atatu. Phukusi linkafika pafupifupi mwezi uliwonse kufikira nyengo yotumiza itatha. Zenera limodzi litadzaza anagula shelefu, ndipo itafika Disembala, pamene ku Manchester dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo usana sufika n'komwe maola asanu ndi atatu, anagula nyali yoti iziunikira mbewuzo. Anali ndi kope limene ankalembamo dzina la duwa lililonse, tsiku limene linafika, tsiku limene analithirira ndi limene linamasula, mwadongosolo lomwe amalembera za odwala. Mbewu yatsopano ankaiika payokha masabata angapo isanasakanikirane ndi zinzake, poopa tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timene timabisala m'makhwapa mwa masamba. Nyumba inakongola, ndipo tulo tinayamba kubwerera.

Koma pamodzi ndi kukongolako panamera khalidwe lina limene iye sanalizindikire msanga. Tsiku lina amayi anzake a ku mpingo anabwera kudzachita mapemphero kunyumba kwake, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wachikulire wochokera ku Ntcheu, anaima nthawi yaitali pa shelefu ija. Potsazika anati, "Amayi, mundigawireko katsamba kamodzi ndikayese kwathu." Namwinoyu anayang'ana duwalo, masamba ake atayalana bwino mozungulira ngati lichero, ndipo anamva kuti kuchotsapo limodzi n'kuliononga. Anatenga kapepala nalembapo adiresi ya nazale ija, nati kumeneko akapeza mitundu yambiri ndipo siidula. Mayi wa ku Ntcheu uja analandira kapepalako ndi manja awiri, nathokoza, nakapinda bwino n'kukaika m'Baibulo. Sanapemphenso.

Mu Ogasiti 2022, zoletsa za maulendo zitachotsedwa, iye anapita kumudzi kukamanga chiliza cha mayi ake. Atatsika galimoto, asanalowe m'nyumba, maso ake anapita pa khonde. Zitini zinalipo, zina zitagwa cham'mbali, zonse zadzimbiri, ndipo m'kati mwake munali dothi louma gwa ndi timitengo tofa. Mlongo wake anayamba kupepesa. Anati chitsime chili kutali, ana anali ku sukulu, ndipo mbuzi zinamaliza zimene dzuwa linasiya. Iye sanamudzudzule. Anakhala pa khondepo nalira kulira kumene foni inamudula miyezi khumi ndi isanu ndi inayi m'mbuyomo.

M'mawa mwake kunabwera gogo wina woyandikana nawo nyumba, mnzawo wa malemu kuyambira ku utsikana. Atatha malonje anati, "Mwanangu, dzuka, tiye ukaone amayi ako." Iye anayesa kuti akupita ku manda, koma gogoyo anamutsogolera kuseri kwa nyumba yake, kumene mumphika wosweka munali duwa lofiira la jeraniyamu, lamasamba onunkhira, lomwe lija malemu ankati la asisitere. Kuchoka apo anapita kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, kenaka kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, kenaka ku tchalitchi, kumene maluwa omwewo anazungulira khomo la vesitili. Paliponse pamene anafika anauzidwa mawu ofanana, kuti kanthambi kake anapereka ndi malemu, ena pa ukwati wa mwana, ena atachira matenda, ena popanda chifukwa chilichonse. Ndipo dzina la duwalo linali litasintha. Panalibenso amene ankati la asisitere. Mudzi wonse unkalitchula ndi mfunda wa mayi ake.

Mawu oti mbewu m'Chichewa amanyamula zinthu zingapo nthawi imodzi. Mbewu ndi njere imene munthu amasunga m'chigubu kudikira mvula, mbewu ndi mmera umene uli m'munda, ndipo mbewu ndi ana ndi zidzukulu za munthu. M'midzi, mbewu ya chinangwa ndi ya mbatata kawirikawiri imayenda kuchoka m'dzanja kupita m'dzanja. Wokolola amapatsa mnansi wake mitengo ya chinangwa kapena mtolo wa kholowa, podziwa kuti chaka china chiswe, ng'amba kapena matenda zikadzamulanda zake, adzakazipeza kwa mnansiyo. Mpake akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Zitini za pa khonde zinauma mwini wake atangochoka, koma zimene anagawa zinali zamoyo m'makomo khumi ndi kuposerapo. Namwinoyu anakumbukira shelefu yake ya ku Manchester, maluwa oposa makumi atatu amene moyo wawo wonse unadalira munthu mmodzi ndi jagi imodzi, ndipo anakumbukiranso kapepala kaja kali m'Baibulo la mayi wa ku Ntcheu.

Tsiku lovundukula chiliza anayala nkhata yake ndi manja ake. Atatero anadzala nthambi zisanu za jeraniyamu uja mozungulira manda, ndipo gogo uja analonjeza kuti azizithirira mpaka mvula itagwa. Mwana wa mlongo wake anamukulungira nthambi ina m'nyuzipepala yonyowa kuti apite nayo ku England, koma iye anaisiya. Malamulo a dzikolo salola munthu kulowetsa chomera chamoyo chochokera kunja popanda chikalata chotsimikiza kuti chilibe matenda, ndipo munthu amene anagwira ntchito m'chipatala nthawi ya mliri sakanatsutsa lamulo lotere. Anangodziuza kuti nalonso duwali, monga aja a pa zenera lake, makolo ake ndi a ku South Africa, ndipo linazungulira ku Ulaya lisanafike pa khonde la mayi ake kudzera kwa asisitere. Layenda mokwanira, likhale.

Atabwerera ku Manchester anapeza kuti mwana wake, ngakhale anatsatira kope lija mokhulupirika, anaphetsa maluwa awiri. Mtsikanayo anali ndi mantha pomuuza, koma mayi ake anangoti, "Usadandaule, inenso ndinayamba choncho." Loweruka lotsatira anayala nyuzipepala pa tebulo la kukhitchini, natenga lezala latsopano. Ku African violet ankadula tsamba lokhwima bwino pamodzi ndi kaphesi kake, n'kulizika mopendekeka m'kamphika ka dothi lonyowa pang'ono, n'kuvundikira ndi kathumba ka pulasitiki koonekera. Tsamba la Cape primrose ankaligoneka pa thabwa, n'kuchotsa msempha wa pakati, n'kuzika mbali ziwirizo m'dothi chodulidwacho chili pansi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, m'tsinde mwa tsamba lililonse mumatuluka timbewu tatsopano, nthawi zina tambirimbiri kuchokera ku tsamba limodzi. Kamphika koyamba kokhala ndi ana anakanyamula pa basi Lamulungu m'mawa, nakapereka kwa mayi wa ku Ntcheu uja mapemphero asanayambe. Anati, "Amayi, mundikhululukire, tsiku lija ndinakupatsani pepala m'malo mwa mbewu." Mayiyo analandira ndi manja awiri monga analandirira pepala lija, nati, "Zikomo, mwanangu. Pepalalo ndikadali nalo, koma ine za pa intaneti sindizitha."

Kuyambira pamenepo positi imene inkangobweretsa inayambanso kutenga. Nyengo yofunda ikafika iye amadula masamba, amakulunga phesi lililonse m'kapepala kofewa konyowa, amawaika m'kabokosi kolimba kuti asaphwanyike, ndipo amawatumiza Lolemba kuti asagonere m'nyumba ya positi kumapeto kwa sabata. Ena apita ku Leeds kwa mwana wa mnzake wa ku sukulu ya unamwino, ena ku Nottingham, ena ku Glasgow kwa mayi amene sanaonanepo naye maso ndi maso, amene anangomva kwa anzake. M'kabokosi kalikonse amaikamo kapepala kokhala ndi dzina la m'kabuku, ndipo pansi pake amalemba m'Chichewa kuti madzi asachuluke. Ku nazale ija amaitanitsabe mbewu imodzi kapena ziwiri chaka chilichonse. Masutikesi aja akadali pamwamba pa kabati, ndipo nkhani yobwerera kumudzi sinathe. Koma mwana wake akamufunsa kuti maluwawo adzatani tsiku limenelo likadzafika, iye amangotchula makomo amene ali kale ndi mbewu yake.

Madzulo ena a mwezi wa Meyi foni inalira iye akukonzekera kupita ku ntchito. Anali mayi wa ku Glasgow uja, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka ana akusokosera. Atafunsana za moyo, mayiyo anati waimba kuti anene za duwa lija, kuti lamasula, ndipo mnansi wake wapempha kale tsamba. Namwinoyu anatsegula kope lake nafunsa kuti ndi liti mwa atatu amene anatumiza, natchula maina a m'kabuku limodzi ndi limodzi. Mayiyo anaseka nati mapepala aja anasowa kalekale. "Ife kuno," anatero, "timangoti la anamwino a ku Manchester."